BALA LOBISA SILIPOLA

Bambo anga anali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Ndili mwana ku Mbayani ndinkawafunsa chimene chidawapweteka, koma iwo ankangoti adagwa panjinga. Zoona zake ndidazidziŵa nditasinkhuka. Tsiku lina, m'nthaŵi ya chipani chimodzi, anyamata ofunsa makadi pachipata cha msika adawamenya chifukwa adaiŵala khadi lao kunyumba. Mmodzi mwa anyamatawo ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pathu.

Nkhaniyi m'nyumba mwathu siinkakambidwa. Amene adaikamba ndi munthu wachilendo, kudzera m'wailesi ya kaseti imene bambo ankaisamala ngati dzira. Munthuyo ndi Lucius Banda.

Lucius adabadwa mu 1970 ku Balaka, ndipo adakulira mu Alleluya Band, gulu limene lidaphuka pa parishi ya Balaka, lotsogozedwa ndi mkulu wake Paul Banda. Kumeneko kunali pofunda: zoimbira zinalipo, mbiri inalipo. Komabe mnyamatayo adatuluka kukaima payekha. Mu 1994, chaka chimene Amalaŵi adasankha boma la zipani zambiri, adatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man, momwe munali nyimbo yotchedwa Mabala. Pambuyo pake padabwera zimbale monga Down Babylon ndi Cease Fire, ndipo anthu adamtcha Soja, msilikali wa amphaŵi wopanda mfuti.

Madzulo alionse, bambo akaŵeruka kuntchito, ankatulutsa wailesi pakhonde, nailozetsa kunyumba yachitatu ija, nkukweza mau. Mai ankati, “Bambo ake mwana, chepetsani, mutiputira mlandu.” Iwo ankangoyankha kuti, “Sindine ndikuimba.”

Ndakhala ndikulingalira mau amenewo. Ambiri a ife timayesa kuti mtendere ndiko kukhala chete. Kwa zaka 30 dziko lathu linali chete ndithu, koma unali bata la kumanda. Kalata ya Aepiskopi imene idaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 idang'amba chete ameneyo, ndipo nyimbo za Lucius zidafikitsa ntchito yomweyo m'mabasi, m'misika ndi m'makhonde a anthu wamba. Kunja kuno kudalinso John Lennon, amene adalekana ndi gulu la Beatles naimbira mtendere pa nthaŵi ya nkhondo ya ku Vietnam, mpaka adaphedwa ndi mfuti ku New York mu 1980. Iyeyo ankadzudzula nkhondo yakutali. Lucius ankaimbira anthu amene womenya ndi womenyedwa ankatunga madzi pampopi umodzi.

Sindikuti Soja anali woyera mtima. Adaloŵa ndale, nakhala phungu wa Balaka North mu 2004, ndipo mu 2006 adalaŵa ndende. Ena adakhumudwa naye. Koma chimene chimandigwira mtima ndi ichi: munthu amene adatchula mabala a boma la Kongeresi adadzavomera, m'zaka zake zomaliza, kukhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera wa chipani chomwecho. Ena adati wagulidwa. Ine ndidaona munthu amene, atanena zoona, sadafune kumanga nyumba pachilonda.

Bambo nawonso sadaimire pakhonde mpaka kale. Chaka china mnansi uja adadwala kwakayakaya usiku, mvula ili pakati. Mkazi wake adagogoda pakhomo pathu, poti kwina konse adalephera. Bambo adavala jekete, nambereka munthuyo kutsika naye m'njira zoterera za Mbayani mpaka kumseu kumene adapeza galimoto. Atachira, adabwera kwathu, nakhala pansi osati pampando. Zimene adakambirana sindidazimve. Koma kuyambira tsikulo wailesi idatembenuzidwira m'nyumba.

Lucius Banda adamwalira pa 30 June 2024 m'chipatala ku Johannesburg, atavutika ndi matenda a impso. Nditamva, ndidapita ku Mbayani kukaona bambo. Ndidapeza nkhalamba ziŵiri pakhonde, zikumvera Mabala pa lamya ya mdzukulu, popanda wolankhula.

Abale anga, m'mabanja mwathu muli zipsera zingati zimene timati tidagwa panjinga? Tizitchule poyamba. Tikatero, usiku wa mvula ukadzafika, msana wobereka mnzathu udzapezeka.