Mpando wa Sub-Zero ndi mpira wa achimwene

Amene mumadutsa pa Wimbe Lachisanu madzulo mukukadziwa kanyumba ka magemu kaja, komwe TV imayendera batire ya sola ndipo imazima yokha kukachita mitambo. Mmenemo ndi momwe ine ndi mnzanga amene timakhala desiki imodzi tinakanganirana mpaka mwini malo anatitulutsa. Nkhani yake inali ya Mortal Kombat: pa atsogoleri onse a gulu la Lin Kuei, woposa anzake ndani? A Fomu 4 musaseke, ena a inu ndalama zosokera fodya munazisiya komweko, tinakuonani.

Kwa amene simunagwirepo padi, Lin Kuei ndi gulu la akatswiri opha anthu, obisa nkhope, ndipo wotchuka wawo ndi Sub-Zero, wa zovala zabuluu uja amene amaumitsa mdani ndi ayezi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti a Sub-Zero alipo awiri, munthu ndi mng'ono wake. Wamkulu ndi Bi-Han, wa mu gemu yoyamba ya 1992, ndipo anaphedwa ndi Scorpion. Mu gemu yachiwiri ya 1993 mng'ono wake Kuai Liang ndiye anavala zovala zija ndi kutenga dzina lomwe. Bi-Han anadzabweranso ngati chimzukwa chakuda bii, Noob Saibot. Dzinali ndi la anthu amene anapanga gemuyi, Ed Boon ndi John Tobias, kungolitembenuza. Yesani kuseri kwa kope muone.

Mnzangayo amati Lin Kuei inali Lin Kuei nthawi ya Bi-Han. Ndikudziwa komwe anazitenga. Ndi filimu ya 2021 ija tinaonera ku vidiyo, momwe Bi-Han amachita kuzizitsa msewu wonse anthu n'kumathawa. Koma aise, m'nkhani yakale Bi-Han sanakhalepo pa mpando. Anali wotumidwa basi. Mkulu wa gulu, amene amamutcha Grandmaster, anali munthu wina, ndipo ndi mkulu ameneyo amene mu Mortal Kombat 3 ya 1995 analamula kuti anyamata ake asandutsidwe maloboti, kuti pasakhalenso wokana ntchito, wotopa kapena womvera munthu chisoni. Sektor wofiira uja anadzipereka yekha. Smoke anachita kugwidwa. Kuai Liang anakana n'kuthawa, ndipo anamutumizira maloboti omwewo, pamodzi ndi Cyrax wachikasu, kuti akamuphe. Taganizani, Smoke anali mnzake wapamtima.

Kenaka Sektor anapha mkuluyo kuti mpando ukhale wake, koma Kuai Liang anamugonjetsa, ndipo pofika mu Deadly Alliance ya 2002 iye ndiye anali mtsogoleri. Apa ndi pamene ine ndimaima. Anasintha gulu lopha anthu polipidwa kukhala loteteza dziko. Mu Mortal Kombat X ya 2015 anaitana Scorpion, munthu amene anamuphera mkulu wake, nakhala naye pansi pa tiyi, n'kumuonetsa umboni wakuti amene anakonza zoti banja la Scorpion liphedwe anali mfiti ija Quan Chi. Ndinaionera pa foni ya malume katatu konse mpaka bando inatha. Sindikunena kuti analibe zolakwa. Anakhulupirira Frost, mtsikana amene anamuphunzitsa yekha, ndipo Frost anamuukira pofuna mpando. Mnzangayo amakonda kundikumbutsa zimenezo, amvekere: "Waona? Ukafewa amakukwera pamutu."

Nanga Bi-Han atapatsidwa mpando zinatha bwanji? Mu Mortal Kombat 1 ya 2023 nkhani anaiyambanso mwatsopano, ndipo iye ndiye Grandmaster. Sipanatenge nthawi, anapandukira Liu Kang n'kugwirizana ndi Shang Tsung, zinaululikanso kuti bambo ake omwe anawasiya afe. Mng'ono wake ndi Smoke anachoka n'kukayambitsa gulu lina, Shirai Ryu. Nditanena zimenezi mnzangayo anaponya padi pansi, ndiye mwini malo anati tikapitirizire panja.

Tsopano ndinene zoona, pakuti tonse awiri timadziwa kuti sitimakanganira gemu.

Kumudzi kwathu kuli timu ya mpira ya anyamata imene achimwene anga anayambitsa. Anali ovuta zedi. Ukachedwa ku masewera olimbitsa thupi umazungulira bwalo kasanu. Nthawi yothyola fodya amatitenga tonse kukasoka m'zigafa za anthu, ndalama yonse n'kupita ku thumba la timu, ndipo amene wajomba amayiwala zosewera mwezi wonse. Koma timawina. Midzi yoyandikana nayo imachita kuopa kubetcha nafe. Chaka chatha, abambo atagulitsa mabelo awo ku Chinkhoma, achimwene anapempha ya thiransipoti n'kupita ku Joni. Mpira anasiya m'nyumba mwathu, ndipo anyamata anangoti kaputeni ndi ine. Palibe anandifunsa. Mpaka dzina lawo la pabwalo anandipatsa, moti ndikagwira mpira anthu amakuwa dzina la munthu amene ali ku Johannesburg.

Ine zozungulitsa anthu bwalo ndinasiya. Tiana tiwiri ta Sitandade 7, tomwe achimwene amatituma kotunga madzi kokha, ndinayamba kutilowetsa chigawo chachiwiri. Mnyamata wina amene anathamangitsidwa chifukwa chojomba ku ganyu ndinakamutenga, nditamva kuti tsiku limenelo anali ku chipatala ndi amayi ake. Zotsatira zake? Pa masewero anayi tagonja atatu, ndipo pa omaliza tinaluza ndalama imene tinaisokera fodya Loweruka awiri athunthu. Chigoli chachiwiri chinalowa chifukwa kamodzi ka tiana tija kanaopa kudumphira mpira wam'mwamba. Ndinabwerera kunyumba osayankhula ndi munthu, nsima yomwe sinalowe.

Mnzanga wa desiki imodziyu ndi goloboyi wathu, ndipo akufuna ukaputeni. Maganizo ake ndi akuti tiana tichoke, tizilipira anyamata atatu akuluakulu a mudzi wina kuti azitimenyera masewero a kubetcha. Nditamuuza kuti zimenezo ndi za Sektor, anati bola Sektor amawina. Ndinamuyankha kuti Sektor anagonja kwa Kuai Liang. Iye anati imeneyo ndi gemu, ife taluza ndalama zenizeni. Pamenepo ndinasowa chonena, ndipo mpaka lero ndikuchifunabe.

China chimene chimandivuta n'chakuti achimwene anga si Bi-Han ayi. Mpira woyamba anagula ndi ndalama yawo, ndipo wina akavulala amamubereka okha mpaka kwawo. Nditawaimbira pa WhatsApp kuwafotokozera, anaseka kaye, kenaka anati: "Iwe, tiana timeneto ukatichotsa, chaka chamawa uzisewera ndi ndani? Koma ochedwa azizungulira bwalo, usamanyengerere." Ndiye kuti theka agwirizana nane, theka agwirizana ndi goloboyi. Foni inaduka ndisanafunse kuti dzina lawo lija ndilisunge kapena ndiwabwezere.

Loweruka likubwerali timu ikumana pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo kuti isankhe kaputeni pokweza manja. Ndawerenga: anthu asanu ndi anga, asanu ndi ake, atatu sakuonetsa mbali. Tiana tija tafunsa ngati nato tiloledwa kukweza manja, ndipo nkhani imeneyo payokha yabutsa mkangano wina. Amene muli ndi pampu ya njinga yokhala ndi singano mundipeze mu Fomu 2 nthawi ya buleki, mpira waphwa ndipo ndiyenera kupita nawo uli wopopa, kaya ndikaupereka kwa goloboyi kaya ndikabwera nawo.