Mmene tinasamalira agogo m'masiku a korona

Anthu a msinkhu wanga tinaona miliri iwiri ikuluikulu, ndipo yonse inagwera agogo, ngakhale inawagwera mosiyana. Woyamba unali wa Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi kachilomboko m'dziko muno anapezeka mu 1985, ine ndili namwino wachitsikana pa kachipatala ka kumudzi, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 panalibe mudzi umene sunkalira maliro. Mliri umenewo unkatola anthu a pakati, olima ndi obereka, n'kusiya makanda ndi nkhalamba. Mayi amene anayenera kupuma, kumangodikira kuti ana amugulire chitenje ndi shuga, ndiye anasanduka wosambitsa mwana wake wamkulu ndi wochapa zofunda pakati pa usiku, kenako wolera ana amasiye odzaza nyumba. Ma ARV aulere anayamba mu 2004. Izi zisanachitike tinkadalira Panado, Bactrim akapezeka, Likuni Phala wa ku mpingo, ndi manja a agogo. M'kaundula tinkalemba wodwala yekha. Msana wa womusamalirayo unalibe pokalemba.

Korona anandipeza nditapuma ntchito kalekale, nanenso ndili m'gulu la otchedwa agogo. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo pa 2 Epulo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti anthu atatu apezeka ndi matendawa. Wailesi inkanena usana ndi usiku kuti amene ali pachiopsezo chachikulu ndi okalamba ndi odwala BP kapena shuga, choncho titalikirane nawo. Uphungu umenewu unali woona, ndipo ine monga namwino ndinkaugwirizana nawo. Koma wounenayo ankaganiza za gogo wokhala ndi chipinda chakechake. Kwathu kuno gogo amagona pa mphasa imodzi ndi zidzukulu zitatu, ana a ana amasiye aja amene analera. Ndiponso sukulu zitangotsekedwa, makolo a m'tauni anayamba kukweza ana m'maminibasi kuwatumiza kumudzi, kwa agogo omwewo.

Boma litalengeza kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, khoti lalikulu linaimitsa lamulolo. Kumudzi ambiri anapumira m'mwamba, chifukwa nkhalamba yogulitsa tomato ndi nkhuni imadya za tsiku lomwelo.

Ife amayi a Mvano tinagawana nyumba za okalamba okhala okha kapena okhala ndi ana aang'ono. Nyumba imene sindiiwala ndi ya gogo wina amene ankandiposa zaka zambiri, wosamva bwino khutu limodzi. Mdzukulu wake, mtsikana wa Fomu 3, anamva uthenga wa pa wailesi n'kuutsata ndi mtima wonse. Anamanga mpondagiya pakhomo, anasoka masiki a chitenje, anasamutsa ana onse kukagona kukhitchini. Nsima ankaiika pakhonde, n'kugogoda, n'kubwerera m'mbuyo. Mlungu usanathe gogoyo anasiya kudya. Nditapita kukamuona ndinapeza mbale ili chivundikirire, nyerere zili mbwee. Ndinamufunsa ngati mutu kapena chifuwa chikupweteka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Anamwino, kodi ndalakwanji kuti azindiponyera nsima ngati mkaidi? Kapena wina wanena kuti ndine mfiti?"

Funso lachiwirilo ndi limene linandibaya. Kwathu kuno nkhalamba ikaona anthu akuilambalala, imadziwa chimene chimatsatira, chifukwa yaona anzake akuthamangitsidwa m'midzi, ena kugendedwa, pa mlandu wa ufiti. Gogoyu za kachilombo sanamve bwino. Mdzukulu ankamufotokozera ali patali, pakamwa pataphimbidwa, pamene iye ankamva mawu poyang'ana milomo.

Tinakhala pansi ndi mtsikana uja, amene ankalira chifukwa iye ankachita zonsezo pofuna kupulumutsa agogo ake. Tinagwirizana kuti chakudya chizidyedwa panja, pansi pa mtengo wa mango, gogo pa mphasa yake, ana pa yawo, koma onse akuonana ndi kucheza. Kusamba m'manja m'beseni limodzi kunatha. Mwana ankathirira gogo madzi a m'jagi, sopo ali pambali. Wofuna kulankhula naye ankaima pamphepo, n'kutsitsa masiki kuti milomo ioneke. Moni wa padzanja tinausiya, tinabwerera ku moni wowomba m'manja, umene gogoyo anati ndiwo unali wa ulemu kuyambira kale. Madzulo omwewo anadya, napempha ndiwo zina.

Chinanso chimene chinapha okalamba mwakachetechete chinali kusiya mankhwala. Ambiri anayamba kuopa chipatala, poganiza kuti ukangotsokomola pa mzere akutsekera kwa a korona. Maminibasi atauzidwa kuti achepetse anthu pa mpando, mtengo unakwera, ndipo gogo wolandira Mtukula Pakhomo sakanakwanitsa ulendo wa mwezi ndi mwezi. Mapiritsi a BP akatha ankangokhala chete. Ndikudziwa abambo awiri a m'dera lathu amene anafa ziwalo chaka chimenecho, ndipo maina awo sanalowe m'chiwerengero chimene ankawerenga pa wailesi madzulo. Apa ndiyamike mlangizi wa zaumoyo wa kwathu, mnyamata wa njinga yakapalasa. Ankatolera mabuku a kuchipatala a nkhalamba m'jumbo, kukaonetsa kwa adokotala, n'kubwera ndi mankhwala. Ine ndinali ndi makina anga akale oyezera BP, opopa ndi dzanja aja, ndipo tinkayenda limodzi, iye akukankha njinga kuti ndisatsalire.

Januwale 2021 ndiye anali mwezi woopsa. Pa 12 tinamva kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasanduka malo ogonekamo odwala. Mpweya wa okosijeni unkasowa, mpaka Amalawi wamba, motsogozedwa ndi mlembi Onjezani Kenani, anasonkha ndalama pa intaneti zogulira masilinda. Amene ankati korona ndi matenda a azungu anatseka pakamwa.

Chimene chinkaopsa okalamba koposa imfa chinali chakuti m'mawodi a korona simunkaloledwa gadiyani. Amene sanagonepo m'chipatala cha kwathu kuno sangamvetse kukula kwa nkhaniyi. Gadiyani ndiye amaphika phala, amamwetsa, amatembenuza wodwala kuti asachite zilonda zapamsana, amatulutsa chikodzero. Namwino mmodzi wa usiku sangachite zonsezo kwa wodi yonse, ngakhale atakhala wa mtima wabwino chotani. Ndiye taganizirani nkhalamba yosokonezeka mutu ndi kutentha thupi, yozunguliridwa ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ongooneka maso okha. Anamwino achitsikana amene ndinkawadziwa ankachita zimene akanatha: ena ankalemba maina awo pa chovala, ena ankagwirizira foni yawo pakhutu la wodwala kuti amve mawu a ana ake. Anali otopa, ena anadwala, ndipo ndimawapatsa ulemu mpaka lero.

Choncho ambiri ankakana kupita, n'kumadwalira kunyumba. M'mudzi monse munkanunkha bulugamu. Anthu ankafukiza masamba ake atafunda bulangete, ankamwa jinja, mandimu ndi adyo. Ine sindinkaletsa tiyi wa mandimu, chifukwa wodwala amafunika kumwa, koma ndinkaletsa kufunditsa nkhalamba yobanika pa mphika wa madzi owira. Ndinkaphunzitsa adzukulu kuwerenga mpweya poyang'ana chifuwa, kugoneka wodwala chafufumimba kapena chammbali, ndi kuyang'ana mtundu wa milomo. Ndinkawauza kuti agogo akalephera kumaliza chiganizo osapumira, nthawi yokambirana yatha, afunefune galimoto. Amene anali ndi foni ankaimba 54747, nambala ya Chipatala cha pa Foni.

Za maliro ndinene mwachidule, chifukwa zimandiwawabe. Munthu amene moyo wake wonse anagona pa siwa ya aliyense, anaphika pa maliro a mudzi wonse, ankaikidwa mofulumira ndi anthu ovala magolovesi, thupi losasambitsidwa ndi abale, anamfedwa ataima patali. Okalamba otsala ankaona zimenezo, ndipo usiku sankagona.

Katemera anafika pa 5 Malichi 2021, madozi 360,000 a AstraZeneca kudzera ku COVAX, ndipo azaumoyo ndi okalamba anali m'gulu loyamba. Mphekesera zinali zitafika kale. Zinkabwera pa WhatsApp m'mafoni a achinyamata, n'kumasuliridwa kwa agogo madzulo: akuti ndi 666, akuti wobayitsa satha zaka ziwiri. Mu Meyi boma linawotcha katemera woposa 19,000 amene anapitirira masiku ake. Ine ndinakabayitsa msanga, ndipo Lachinayi lotsatira ndinapinda dzanja la bulauzi pamaso pa amayi anzanga a Mvano kuti aone. Ndinawakumbutsa za chipsera cha katemera wa nthomba chimene tonse a msinkhu wathu tili nacho paphewa, ndi kuwafunsa kuti anaiona liti nthomba komaliza. Ambiri anavomera. Chotsalira chinali mtunda, pakuti maondo otupa sayenda makilomita khumi, ndipo nkhalamba zambiri za kwathu zinabayidwa pamene azaumoyo anayamba kubwera ndi katemera m'midzi momwemo.

Ife a Mvano tinali ndi kope limene tinalembamo maina a okalamba okhala okha, ndipo silinatayidwe. Munali dzina, matenda ake, mankhwala amene amamwa, ndi amene amamutungira madzi. Kolera atabuka mu 2022 n'kufalikira dziko lonse, mlangizi uja anabwera kudzalibwereka, ndipo nyumba zoyamba kulandira klorini m'mudzi mwathu zinali za anthu a m'kope limenelo. Pano likusungidwa ndi mtsikana wa mpondagiya uja, amene akuphunzira unamwino, ndipo akabwera ku holide amayendera nyumbazo n'kulembamo maina atsopano.