Msewu umene umabwera kamodzi pa sabata

Ife ana a ku Bundabunda madzi timawadziwa pang'ono chabe. Tili ndi mtsinje wa Chongwe umene umaonda dzuwa la Okutobala likakula, tili ndi madzi otentha a ku Chinyunyu kumene alendo amaimika motoka n'kujambula zithunzi, ndipo tikapita kum'mawa timaoloka Luangwa tili pa mlatho, maso ali pa nsomba zouma za m'mbali mwa msewu. Zathu ndi za pamtunda. Tikafuna kudziwa ngati mudzi uli kutali timafunsa funso limodzi: kuchokera pa tala ndi maola angati? Great East Road ndiye muyeso wathu wa zonse.

Koma kuli anthu, achibale athu enieni, amene msewu wawo ndi sitima, ndipo umadutsa pakhomo pawo kamodzi pa sabata kupita kumpoto, kamodzi kubwerera kummwera.

Agogo athu aamuna anali mtchona. Anachoka ku Ruarwe, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anagwira ntchito ku Lusaka, anakwatira kwa Asoli, analima chimanga ku Bundabunda mpaka kukalamba, ndipo sanabwererenso. Atamwalira tinatumiza uthenga pa foni. Mlongo wawo anayankha kuti maliro salira pa foni: abwere adzukulu ndiwaone nkhope, andibweretsere chovala cha mlongo wanga. Ndiye mu Julayi atatu a ife tinanyamula jekete la agogo n'kuuyamba ulendo.

Za pamsewu mukuzidziwa kale. Basi ya ku Chipata, malire a Mwami ndi Mchinji, Lilongwe, Mzuzu, kenako kutsetsereka mpaka ku Nkhata Bay. Pamenepo ndipo panathera nzeru zathu za pa tala, chifukwa ku Ruarwe motoka safika. Kumafika mapazi, mabwato ndi Ilala.

Ilala ndi nkhalamba. Zitsulo zake zinasulidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, zinabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, zinalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo sitimayo inayamba kuyenda mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52. Chimene chinatikondweretsa n'chakuti dzina lake ndi la kwathu kuno. Ilala ndi dziko la Alala, kumene David Livingstone anafera mu 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'chigawo chapakati cha Zambia ya lero. Amishoni atabweretsa sitima yoyamba ya nthunzi pa nyanjayi mu 1875 anaitcha Ilala pomukumbukira, ndipo ya leroyi inalowa dzina la mkulu wake. Tinakwera monyada, ngati tapeza wakwathu kudziko la eni.

Inu a ku Mtendere ndi Chawama mumati Juni wa ku Lusaka ndiye kuzizira. Kuzizira kwa pa nyanja ndi kwina. Sikuluma zala ngati kwathu, koma kumabwera ndi mphepo yonyowa imene imalowa m'juzi ngati mulibe kanthu. Mphepoyo dzina lake ndi mwera. Imachokera kummwera chakum'mawa, imalimba mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo popeza nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 500, mafunde amakhala ndi mtunda wokwanira woti akule asanafike kumpoto. Tinanyamuka ku Nkhata Bay m'mawa, mwera uli kumbuyo kwathu. Sitima inkakwera funde, kupendekera uku, kutsika, kupendekera uko. Mmodzi wa ife, yemwe amadzitama kuti amagona tulo pa basi kuchoka ku Chongwe mpaka ku Petauke, anakhala chete atagwira chitsulo ndi manja awiri. Amayi ena amene anali pafupi anamupatsa chinangwa chootcha n'kumuuza kuti, "Mwanangu, usayang'ane madzi, yang'ana phiri."

Pamwamba pa sitima pamakhala alendo ndi makamera awo. Pansi ndiye pali Ilala yeniyeni. Tinakhala pakati pa matumba a simenti, malata, migolo ya mafuta ophikira, mabelo a shuga, matiresi, mabatire a sola, nkhuku zomangidwa miyendo ndi fungo la usipa limene silichoka m'zovala. Panali aphunzitsi obwerera kusukulu zawo, mayi wochokera kuchipatala ndi khanda la masiku ochepa, ndi mnyamata wonyamula chitseko chatsopano, osachisiya ngakhale pokagula tiyi. Ambiri ankalankhula Chitumbuka ndi Chitonga, koma osati Chitonga cha ku Monze; ichi n'china, cha kunyanja. Atamva Chinyanja chathu cha m'tauni anaseka, kenako anatisunthira malo.

Kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri amagwera m'madzi mwachindunji. Palibe chigwa choti ungalambulepo msewu mosavuta. Midzi imakhala m'timagombe ting'onoting'ono, minda ya chinangwa itapachikika m'mapiri. Ku Usisya kuli kamchenga kotambalala ndi msewu wotsetsereka umene madalaivala amauopa. Ku Ruarwe ngakhale umenewo kulibe. Malo onsewa alibe doko, choncho sitima imaima patali, imaliza hutala, n'kutsitsa mabwato ake awiri a injini. Katundu ndi anthu zonse zimatsikira mmenemo.

Pa nyengo ya mwera, kutsika kumeneku ndiye ulendo wonse. Bwato limakwera mpaka pafupi ndi makwerero, kenako limatsika kukusiya phazi lili m'malere. Wantchito wa m'sitima amaima pakhomo, amawerenga mafunde ndi maso, akati "tsopano" umaponda osaganiza kawiri. Khanda lija linadutsa m'manja mwa amuna anayi osalidziwa lisanafike kwa mayi ake m'bwato. Palibe anauzidwa kuti athandize. Pofika kugombe tinalumphira m'madzi ofika m'chiuno, zikwama pamutu, jekete la agogo lili m'pulasitiki.

Agogo aakazi anatidikirira pamchenga. Anatigwira nkhope mmodzimmodzi, kufunafuna mlongo wawo pamphumi ndi m'makutu mwathu. Atatenga jekete analinunkhiza, anakhala pansi, ndipo maliro anayamba pamenepo, miyezi iwiri munthu ataikidwa kale ku Bundabunda. Sitima inali itazimirira kumpoto. Inadutsanso m'mawa mwake pobwerera, koma iwo anati, "Adzukulu anga, munthu wa zaka zonsezo simungamulire usiku umodzi." Tinakhala sabata.

M'sabata imeneyo tinaona mmene mudzi umawerengera masiku. Womanga nyumba amati adzafolera Ilala ikabwera. Wa kagolosale shuga akatha amati dikirani Ilala. Wodwala amene chipatala chaching'ono chamulephera amayang'ana kunyanja. Mabwato a matabwa alipo, amanyamula anthu pakati pa sabata, koma mwera ukakwiya eni ake amawakokera kumtunda, ndipo asodzi amakhala pansi kusoka maukonde. Tinadya kondowole ndi ndiwo zamasamba masiku awiri, tili m'mphepete mwa nyanja yodzaza nsomba.

Sabata itakwana tinakweranso yopita kumpoto kuti tikatsikire ku Chilumba, kumene kuli doko ndi msewu wa tala wobwerera ku Mzuzu. Tinaima ku Tcharo ndi ku Mlowe, mabwato kutsika, mabwato kukwera. Madzulo mapiri a Livingstone a ku Tanzania anaoneka kutsidya ngati khoma. Kumanzere, pamwamba pa Chitimba, kunali phiri la Livingstonia. M'madzi amenewa ndi mmene sitima ya Vipya inamira pa 30 Julayi 1946, m'nyengo yomweyi ya mwera, ndipo anthu 145 anafa. Ilala inabwera kudzalowa m'malo mwake. Kumpoto kuno nyanja imazama mpaka mamita pafupifupi 700. Anthu a kuno amakwera akudziwa zonsezi, monga mmene ife timakwerera basi tikudziwa mapiri a Manenekera.

Ife a m'tauni timakwiya minibasi ikachedwa kudzaza mphindi 20 pa Kulima Tower. Timati tsiku latayika. Ku Ruarwe wophonya sitima wataya sabata, ndipo Ilala ikapita kukakonzedwa ku Monkey Bay, monga imachitira nthawi zina, midzi yonseyi imatsala ndi timabwato ndi mapazi. Chitsulo cha zaka zoposa 70 ndicho chikusenza sukulu, chipatala ndi msika wa gombe lonse. Ndipo tisanawamvere chisoni, tikumbukire midzi yathu ya kuseri kwa mapiri ku Bundabunda, kumene mvula ikagwa kalole kamodzi kakalephera kuoloka mtsinje, fetereza safika ndipo mayi woyembekezera amanyamulidwa pa ngolo. Kutali si makilomita. Kutali ndi masiku amene umadikira chinthu chimodzi chimene chilibe cholowa m'malo.

Mukafuna kupita, pitani m'nyengo yozizira, chifukwa ndi pamene mudzaona chimene sitimayi ili kwa eni ake. Tengani juzi lolimba ndi chitenje chofunda, foni ndi pasipoti muzimange m'pulasitiki, ndalama zikhale za m'manja, ndipo valani nsapato zoti zinyowe. Funsani ku Nkhata Bay tsiku limene ikunyamuka, koma musapangane ndi munthu ola lofikira. Kwerani pamwamba mukaone mapiri, kenako mutsike pansi mukakhale pa thumba la simenti. Akakupatsirani mwana wa eni pakhomo la sitima, mulandireni ndi manja awiri n'kumupereka kwa wotsatira.