Mafilimu Akale Amene Anayankhulitsa Bambo Anga

Bambo anga anagwira ntchito ya upolisi zaka zambiri, koma za kuntchito sankazikamba pakhomo. Akaweruka ankavula nsapato, kupachika yunifolomu kuseri kwa chitseko, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha. Basi. Ife ana za apolisi tinkazidziwira ku vidiyo sho, komwe tinkathithikana pa benchi kuonera Jackie Chan akudumphadumpha mu Police Story. Ndikawasimbira, ankangofunsa kuti, "Ameneyo malipoti amalemba nthawi yanji?"

Chaka chatha miyendo itayamba kuwavuta, ndinakawatenga kuti azikhala kwathu. Madzulo tinkasowa chokamba. Ndiye ndinayamba kusakasaka mafilimu akale a apolisi, aja anthu satchula kawirikawiri, kuti mwina awakonda.

Yoyamba inali Stray Dog, ya ku Japan, imene Akira Kurosawa anaitulutsa mu 1949. Ndi yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi, ndipo ana anga anathawa isanapite patali. Toshiro Mifune akusewera ngati Murakami, wapolisi wachinyamata amene anthu opisa m'matumba amubera mfuti ali m'chigulu paulendo, mu Tokyo mukutentha koopsa. Mfutiyo inali ndi zipolopolo 7. Filimu yonse mnyamatayo akungoyenda, thukuta lili kamukamu, kufunsa uyu, kudikira uyo, kwinaku akuwerenga mumtima zipolopolo zotsala nthawi iliyonse akamva kuti munthu wina wawomberedwa.

Maso a bambo anafooka, choncho ndinkawawerengera mawu olembedwa m'munsi aja. Pakati pa filimu anandigwira dzanja. "Iwe, ukudziwa kuti pobweza mfuti timawerenga zipolopolo chimodzichimodzi? Chikasowa chimodzi, sugona." Kenako anandisimbira za usiku wina pamene anafufuza chipolopolo mu udzu ndi tochi mpaka tambala kulira. Amayi, amene anatisiya kale, ankaganiza kuti agona kumowa. Sanawauze zoona mpaka kalekale.

Chimene chinawakhudza kwambiri n'choti wakupha uja, Yusa, anali msilikali wobwera kunkhondo ngati Murakami yemwe, ndipo onse awiri anaberedwa chikwama pobwerera kwawo. Wina anakhala wapolisi, wina chigawenga. Bambo anangoti, "Ambiri amene ndinawamanga anali amsinkhu wanga."

Across 110th Street ya mu 1972 tinaonera ana atagona, ndipo nanunso muchite chimodzimodzi, chifukwa muli nkhanza zambiri. Nkhani yake ikuchitikira ku Harlem, mu New York. Yaphet Kotto ndi wapolisi wakuda wotsata malamulo, Anthony Quinn ndi bwana wachikulire wozolowera kumenya anthu ndi kulandira za m'thumba. Bambo sanaikonde kwenikweni. Ankati phokoso lachuluka. Ine ndinaikonda.

Imene inavuta ndi Prince of the City ya Sidney Lumet, ya mu 1981. Anthu amamudziwa Lumet ndi Serpico, koma kwa ine iyi ndiye yolemera. Inachokera pa nkhani yeniyeni ya Robert Leuci, wapolisi wa ku New York wolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo. Treat Williams akusewera ngati Danny Ciello, amene akuvomera kuvala kachipangizo kojambula mawu mobisa kuti aulule ziphuphu, koma akunenetsa kuti anzake oyenda nawo sadzawapereka. Pang'onopang'ono maloya a boma akumupanikiza, mpaka lonjezo lija likuyamba kusweka. Kuwomberana n'kochepa. Zambiri ndi anthu atakhala m'maofesi, kukambirana, kunamizana. Filimuyi imatenga pafupifupi maola atatu.

Tisanafike kumapeto bambo anati, "Zimitsa." Ndinazimitsa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatchula dzina la munthu amene sindinamumvepo. Anati ankadyera mbale imodzi. Tsiku lina akuluakulu anawaitana n'kuwafunsa zimene ankadziwa za mnzawoyo.

"Ndiye munawauza chiyani, ababa?"

"Ndinanena zimene ndinaona."

Mnzawoyo anachotsedwa ntchito, ndipo anali ndi ana anayi. Bambo sanapite pa maliro ake, poopa maso a mkazi wake.

Papita miyezi iwiri tsopano, ndipo filimuyo sitinaimalize. Lamlungu lapitali tikuchokera kutchalitchi anandifunsa ngati ikadali mu kompyuta muja. Ndinati eya, ikadalipo. Anati ndisaifufute.