Mau Amene Tinaŵabisa Zaka Makumi Aŵiri

Pali mau ena amene mphunzitsi amalankhula m'kamphindi, naŵaiŵala dzuŵa lisanaloŵe, koma mwana naŵasenza mpaka kukula. Ife tinasenzapo mau otere, ndipo tafuna kuŵatula pano pamaso pa inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi.

Tinayamba sukulu patangopita nthaŵi pang'ono chichitikireni zija za mu 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, chiŵerengero cha ana nkukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Tinali ambiri, ndipo aphunzitsi analibe mpata womvetsera mwana mmodzimmodzi. Tili mu Sitandade 4 kunamveka kuti kukubwera alendo, choncho anatindandalika m'mizere itatu kuti tiphunzire nyimbo yoŵalandirira. Mphunzitsi wathu, munthu wakhama amene sitimsungira chakukhosi, anayenda mumzere atatchera khutu. Atafika pamene tinaima ife anaimika nyimbo nati, "Iwe, uzingotsegula pakamwa koma mau asatuluke. Ukutionongera nyimbo." Anzathu anaseka. Alendo anabwera, nyimbo inakoma, ife tikuyasama ngati nsomba ya pamtunda.

Kuyambira tsiku limenelo tinakhulupirira kuti kuimba ndi mphatso imene ena anabadwa nayo ndipo ife inatiphonya. Kutchalitchi tinkang'ung'udza chamumtima. Kumaliro, kumene aliyense amaimba usiku wonse, ife tinkadzipereka kusonkhezera moto. Tinatsiriza maphunziro, tinalandira dipuloma ya uphunzitsi, tinaphunzitsa zaka zingapo mpaka kudzafika pakoleji pano, osatsogolerapo nyimbo ngakhale imodzi.

Chimene chinatigwedeza chinachitika pamene tinapita kukaonerera wophunzira wathu wina amene ankadziyesa kuphunzitsa m'Sitandade 2. Phunziro linali la kuŵerengera, ndipo m'chikonzero chake analembamo kuti ana adzaimba nyimbo ya manambala. Itakwana nthaŵi ya nyimbo, mnyamatayo analemba mau ake pabolodi nayamba kuŵaŵerenga monga kalata. Ana anavomera mwaulesi, ena akumbuyo nkuyamba kutsinana. Tinatenga cholembera kuti tilembe pa pepala lake kuti akanayenera kuimba, koma tinayamba tamfunsa chifukwa. Iye anayang'ana pansi nati, "Aphunzitsi, ine mau ndilibe. Anandiuza kalekale." Cholembera chija chinatilemera. Tikanamdzudzula bwanji pa mlandu umene ifenso tinali nao? Ndipo tinaona kuti mantha athu sanali athu okha: mphunzitsi wosaimba amatulutsa kalasi yosaimba, ndipo chaka ndi chaka ana mazana amamanidwa chinthu chimene chikanaŵathandiza kukumbukira, kutchula bwino mau ndi kukonda sukulu. Kuchokera mu 2007, pamene maphunziro a pulaimale anakonzedwanso, kuimba kunaikidwa m'phunziro la Expressive Arts pamodzi ndi kuvina, kujambula ndi maseŵero, ndipo amene ankayembekezeka kuphunzitsa zonsezi ndi mphunzitsi wamba, osati katswiri wa nyimbo.

Safunsa anadya phula. Tinapita kwa mphunzitsi mnzathu, mayi amene amatsogolera kwaya kumpingo kwao, nkuulula zonse. Iwo sanaseke. Anangoti, "Bambo, bwerani Lachitatu 4 koloko, ndipo mubwere naye mnyamatayo." Tinasonkhana asanu: mayiwo, ife, mnyamata uja ndi ophunzira ena aŵiri, mtsikana ndi mnyamata.

Tsiku loyamba mayiwo sanatiimbitse nyimbo. Anatchula mau akuti "mtengo" kaŵiri, natifunsa kuti ndi uti wa m'nkhalango, ndi uti wa pamsika. Tonse tinayankha molondola. Anachitanso chimodzimodzi ndi "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso. Kenaka anati, "Chicheŵa chimasiyanitsa mau poŵakweza ndi kuŵatsitsa. Khutu limene lakhala likumva zimenezi chibadwire si lakufa ai." Pambuyo pake tinadzaŵerenga kuti alipodi anthu amene anabadwa osatha kusiyanitsa kukwera ndi kutsika kwa mau a nyimbo, koma ndi oŵerengeka. Kafukufuku amene Isabelle Peretz wa ku Montreal ndi mnzake Dominique Vuvan anafalitsa mu 2017 anapeza kuti ndi anthu 15 mwa 1,000 alionse. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 100 mungapezeke mmodzi kapena aŵiri. Koma aphunzitsife timatontholetsa ochuluka kuposa pamenepo.

Kenaka anatiuza kuti titulutse liu lililonse limene lingatuluke. Tinatulutsa lathu lokhuthala lija, manja akunjenjemera. M'malo motiitanira pa liu lao, iwo anatsika kudzatipeza pa lathu, mpaka mau aŵiriwo anagwirizana. Tinamva chinthu chimene sitinachimvepo, kukhala ngati mau aŵiri asanduka amodzi. Atatero anakwera pang'ono, ife nkuŵatsatira; anakweranso, tinatsatiranso. Tsiku limenelo tinakwera masitepe atatu okha, koma tinabwerera kunyumba ngati munthu amene watola ndalama yake yomwe inatayika kale.

Makwerero amene tinkakwera ndi aja a d, r, m, f, s, l, t amene ambiri a inu munaŵaonapo m'mabuku a nyimbo za m'tchalitchi. Njira imeneyi anaiyamba ndi Sarah Glover, mayi wa ku Norwich m'dziko la England, amene anasindikiza kabuku kake mu 1835 pofuna kuthandiza ana osauka kuimba. Mbusa wina, John Curwen, anaikonza naifalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ndipo mu 1870 anaonjezapo zizindikiro za manja. Kuno inabwera ndi amishoni. Tikutchula izi kuti mudziŵe kuti makwerero ameneŵa anapangidwira anthu wamba onga ife, opanda limba ndi opanda maphunziro a nyimbo.

Tinapangana kuti aliyense aziyeserera payekha mphindi 15 tsiku lililonse. Mphindi zoyamba zinali za kupuma: kuimirira chilili, mapeŵa osakwera, kukoka mpweya mpaka nthiti za m'munsi zitatakasuka, ndi kuutulutsa pang'onopang'ono tikuŵerenga mumtima. Kenaka kung'ung'udza milomo ili chitsekere, kenaka kukwera ndi kutsika makwerero, potsiriza nyimbo imodzi yokha, yomweyomweyo mwezi wathunthu. Tinaona kuti mphindi 15 za tsiku ndi tsiku zimapindula kuposa maola aŵiri a Loŵeruka lokha. Chifukwa chake nchosavuta. Mau amapangidwa ndi timinofu tiŵiri ta m'kholingo timene timanjenjemera mpweya ukamadutsa: kwa mwamuna wamkulu polankhula pafupifupi ka 120 pa sekondi, kwa mkazi kupitirira ka 200, kwa mwana kufika cha m'ma 300. Kuti liu likwere, timinofuti timayenera kukokeka ndi kunjenjemera mofulumirirapo. Imeneyi ndi ntchito ya minofu, ndipo minofu imaphunzira mwa kubwereza, monga mwendo umaphunzirira kupalasa njinga.

Komabe kuyeserera pawekha kuli ndi malire. Patatha milungu itatu tinkadzimva kuti tayamba kuimba bwino ndithu. Lachitatu lina mmodzi wa anyamata aja anatijambula mau pa foni natimvetsa. Tinakana kuti si ife. Liu linali lopyapyala kuposa limene tinkalidziŵa, ndipo nyimbo inkapendekeka. Mayi aja anatifotokozera kuti munthu amamva mau ake m'njira ziŵiri, kudzera mumpweya ndiponso kudzera m'mafupa a mutu, ndipo mafupawo amaŵakhuthalitsa. Anthu ena onse amamva a mumpweya okha. Choncho woimba ndiye yekhayo amene samva mau ake monga alili. Diso silidziona lokha. Foni inatiuza kuti china chake chalakwika, koma sinathe kutiuza kuti nchiyani, kapena chochita. Pamenepo ndi pamene pamafunika mnzako.

Koma mnzako amafunika kuti anene zoona, ndipo apa tinakumana ndi vuto la ulemu. Milungu yonseyo ophunzira atatu aja ankati tikamaliza kuimba, iwo nkuomba m'manja, "Mwaimba bwino, aphunzitsi." Ankaopa kudzudzula munthu amene maŵa lake adzachonga mayeso ao. Tinaŵapempha kaŵiri konse kuti amasuke, koma sizinatheke mpaka tsiku lomvetsera foni lija. Mtsikana uja anapinda manja nati, "Pepani aphunzitsi, mundikhululukire. Poyamba mumayamba bwino. Koma mukafika kumapeto kwa mzere mpweya umakutherani, ndiye mau amatsika pang'ono. Mzere wotsatira mumayambira pomwe mwatsikira paja. Pofika kumapeto kwa nyimbo mumakhala muli kwina." Kunena zoona, mumtima munatiŵaŵa, ndipo chilakolako choyamba chinali chofuna kudziteteza. Koma m'mau ochepa amenewo mwanayo anatipatsa chimene sitinachilandire m'zaka makumi aŵiri: anatchula malo a vuto, chifukwa chake, ndipo mosanena anatchulanso mankhwala ake. Tinaika chizindikiro pamene tiyenera kupuma, tinaimbanso nthaŵi yomweyo, ndipo mzerewo unaima.

Kuchokera tsiku limenelo tinadziikira malamulo anayi. Loyamba, womvetsera ayambe watchula chimodzi chimene chayenda bwino, ndipo chikhale choona, chakuti angathe kuchiloza. Lachiŵiri, atchule cholakwika chimodzi chokha, pakuti munthu wouzidwa zisanu sakonza nchimodzi chomwe. Lachitatu, anene malo ake enieni, ndipo ngati angathe aimbe kuonetsa m'mene pafunikira. Kunena kuti "sizikukoma" sikuthandiza munthu. Lachinayi, wodzudzulidwa asayankhe mlandu, angothokoza naimbenso pomwepo. Tinagwirizananso kuti m'chipindamo mulibe mphunzitsi ndi wophunzira kufikira 5 koloko. Ulemu wa m'malankhulidwe unakhalapobe, koma choona sichinabisidwenso.

Chinatidabwitsa nchakuti kudzudzula anzathu kunatiphunzitsa mofanana ndi kudzudzulidwa. Kuti tiuze mnyamata uja pamene waterereka tinayenera kumvetsera mwachidwi kuposa kale lonse, ndipo khutu limene linazoloŵera kugwira zolakwa za mnzathu linayamba kugwira zathu zisanatuluke. Iye vuto lake linali lina: ankafinya pakhosi nakweza chibwano akafuna liu lokwera, ndiye mau ankasasa. Ife ndi amene tinaona chibwanocho. Makolo athu ankazidziŵa izi. Atsikana amaphunzira nyimbo za pamtondo ndi za chimtali ali pakati pa anzao, wina kutsogolera ena kuvomera, wophonya nkukokedwa ndi mau a gulu mpaka ataloŵa mumzere. Palibe amene amauzidwa kuti akaime kumbali.

Patapita materemu aŵiri tinapemphedwa kuyambitsa nyimbo ya fuko pa msonkhano wa m'maŵa, nyimbo ija anapeka Michael Sauka ndipo inalandiridwa mu 1964. Tinaiyamba pamalo oyenera. Pokwera paja liu linagwedezeka, ndipo sitinganame kuti linakoma. Koma tinatsiriza pomwe tinayambira, osatsetsereka. Lachitatu lotsatira mtsikana uja anati, "Aphunzitsi, kupuma munakhoza. Tsopano titsegule pakamwa, mau akumatsakamira m'mano." Ntchito inapitirira. Sitidzakhala oimba otchuka, ndipo sitikufuna kutero. Chimene tinkasoŵa ndi kutha kuimirira pamaso pa ana ndi kuŵayambitsira nyimbo, ndipo chimenecho tili nacho. Mnyamata uja tinakamuoneranso m'Sitandade 2 momwe muja. Anaimba nyimbo ya manambala ndi liu lake losasa pang'ono, ana nkumuvomera mpaka kalasi yoyandikana inadandaula.

Tsono inu mukapita kusukulu zanu mudzampeza mwana wong'ung'udza pansi anzake ali m'mwamba. Musamtontholetse. Yambani mwadzifunsa ngati vuto si lanu: aphunzitsi aamuna kaŵirikaŵiri timayambitsa nyimbo pansi kwambiri, pamene mau a ana safika, ndipo ena pofuna kutitsatira amasochera. Funsani mwana mmodzi woimba bwino kuti ndiye apereke liu loyambira. Mwana wosocherayo muikeni pakati pa anzake olimba mau, osati kumapeto kwa mzere. Mukapeza kamphindi, tsikirani pa liu lake monga anatichitira mayi aja, ndipo mukwere naye sitepe imodzi imodzi. Kumbukiraninso kuti anyamata a m'makalasi akuluakulu, a zaka za pakati pa 12 ndi 15, mau ao amasintha natsika kwambiri. Imeneyo ndi nyengo chabe, ndipo kuŵaseka pa nthaŵi imeneyi nkumene kumaŵathaŵitsa kuimba. Phunzitsani ana kudzudzulana ndi malamulo anayi aja, aŵiriaŵiri kapena atatuatatu, pakuti m'kalasi yodzaza khutu lanu limodzi silingakwanire.

Ndipo ngati inuyo ndinu mmodzi wa aja anauzidwa kuti mau alibe, musadikire zaka makumi aŵiri monga tinachitira ife. Muli pano pakoleji, pakati pa anzanu amene ali ndi makutu, ndipo mwaŵi wotere sudzapezekanso mosavuta mukadzakhala nokha pasukulu ya kutali. Pezani anzanu atatu kapena anayi, sankhani tsiku ndi nyimbo imodzi, ndipo muŵapemphe kuti akuuzeni zoona. Ife timakumanabe Lachitatu lililonse 4 koloko, ndipo mipando yopanda anthu ilipo.