Mfuti ya Mmphawi

Kwathu ku Thyolo mfuti tinkaiona ndi anthu awiri okha, mlonda wa pa esiteti ndi bwana wopita kosaka. Ife ana a othyola tiyi yathu inali legeni. N'chifukwa chake anzanga pano amaseka ndikamati kuwombera chandamale ndi masewera ngati mpira, ndipo mmphawi akhoza kuwafikira.

Malemu agogo anga, msilikali wa King's African Rifles, ankalemekeza .303 yokha. Kwa iwo mfuti yosagunda phewa inali chidole. Ine ndimati mfuti umagula kamodzi, koma zipolopolo umagula nthawi zonse, ndipo luso limadza pobwereza kambirimbiri. Wosankha chipolopolo chachikulu thumba limamuthera dzanja lisanakhazikike.

Kachipolopolo ka .22 Long Rifle, komwe kadatuluka ku America mu 1887, n'kotsika mtengo, sikagunda, ndiponso phokoso lake n'lochepa. Komweko ndi kamene akatswiri amapikisanira ku Olympics pa mtunda wa mamita 50. Yotsikirapo ndi mfuti ya mpweya ya 4.5 mm, yomwe timachaka take timabwera 500 m'kachitini kamodzi. Nayonso idalowa ku Olympics mu 1984, pa mamita 10.

Komabe .22 imafuna chilolezo cha boma, ndipo chipolopolo chake chimatha kupitirira kilomita. Kwathu m'mizere ya tiyi mumakhala amayi athu atawerama ndi madengu kumsana. Tsono ine ndasankha ya mpweya, ndipo chandamale changa ndidzachiika patsinde pa chulu.