Mbale Wosayankha Odi

Kale ukafuna kudziŵa mbale unkafunsa mfunda wake ndi mudzi wa amayi ake. Lero umalavulira m'kabotolo, n'kutumiza kunja, ndipo kompyuta imakuuza amene ukufanana naye DNA.

Ine inandipezera mayi wina wa ku Johannesburg. Tikufanana magawo 6 pa 100 alionse, muyeso wopezeka kaŵirikaŵiri pakati pa adzukulu a bambo mmodzi amene anabereka kwa akazi aŵiri. Sindinadabwe. Agogo anapita ku migodi ndi Wenela, boma lisanaimitse maulendowo mu 1974, ndipo anatchona zaka zambiri. Anabwera ndi njinga ndi galamafoni. Za mwana amene anamsiya kumeneko sanatchulepo.

Ndinalemba kalata yotchula dzina la agogo, mudzi wawo ndi zaka zimene anali ku Joni. Patapita miyezi itatu ndinalembanso, mwachidule. Zii.

Anzanga akuti ndimsake pa Facebook. Ndakana. Ambiri amayezetsa pongofuna kudziŵa kumene makolo awo anachokera, ndipo tsambalo satsegulanso. Komanso mwina kwawoko dzina la agogo ndi la mwamuna amene anathaŵa, kusiya mkazi ndi khanda. Ife tinalandira njinga, iwo anatsala ndi njala. Ndani angathamangire kuyankha mdzukulu wa munthu wotere?

Mlendo amati odi ali pabwalo, n'kudikira, sakankha chitseko. Adiresi yanga ndamsiyira. Pakadali pano mafunso anga ndikupita nawo kwa azakhali, akadali moyo.